Monita sinali yakufa, vuto linali driver basi

Dzulo usiku ndi pamene mtima wanga unakhala m'malo. Kompyuta yakale ya malemu malume anga, ya Windows 98, yayambanso kuonetsa zithunzi bwinobwino patatha masabata awiri ndikulimbana nayo. M'menemo muli makhadi a maukwati omwe ankapanga ndi Paint Shop Pro, ndipo amayi ankafunitsitsa kuonanso ntchito ya mchimwene wawo.

Nditaikamonso Windows, zonse zinakakamira pa 640x480 (chiwerengero cha madontho a pa sikirini, mopingasa ndi motsika) ndi mitundu 16 yokha. Nkhope za anthu zinali madonthomadontho, thambo lili mizeremizere, mabatani a pulogalamu ena osakwana n'komwe pa sikirini. Ku Display Properties, kachizindikiro kosinthira kukula kwa chithunzi sikankasuntha.

Chandipweteka kwambiri ndi tsiku lomwe ndinataya pa shopu ina m'tauni. Ndinanyamula chimonita chija, chija cha chimimba kumbuyo, n'kukwera nacho minibasi, kondakitala n'kundilipitsa mpando wachiwiri. Mnyamata wa pashopupo anangochiyatsa, n'kunena kuti, "Bwana, iyi yatha, gulani ina." Ndalama yoyang'anira analandira. Bokosi la kompyuta sanalifunse n'komwe. Ndinabwerera kunyumba dzuwa litalowa, msana ukuwawa, vuto lili pomwepo. Mpaka lero ndikaganiza za ndalama ija ndimapsa mtima, chifukwa monita inalibe mlandu.

Tsegulani bokosi la kompyuta muwerenge dzina lolembedwa pa chip cha graphics card, khadi lomwe limatumiza zithunzi ku monita. Zimenezi n'zimene ndikanayambira. Changa chinalembedwa S3 Trio64V+. Windows ikalephera kuzindikira khadiyo imagwiritsa ntchito driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) wamba wa VGA, ndipo ameneyu sapitirira 640x480 ndi mitundu 16, kaya monita ikhale yabwino bwanji.

Driver ndinamupeza pa intaneti pa laputopu. Apa panabukanso ina: Windows 98 siwerenga flash disk popanda driver wakenso. Ndinachita kuika fayiloyo pa CD. Ndaiwala kunena, ndinayamba ndayesa ma floppy awiri omwe ndinapeza m'katoni ya malume, onse anali owonongeka, choncho musatayepo nthawi.

Kenako ku Device Manager, Display adapters, Update Driver, n'kuloza ku CD ija. Itazima n'kuyakanso, kachizindikiro kaja kanayamba kuyenda. Chisangalalo chinandipitirira, ndinakankhira pamwamba penipeni, sikirini n'kuda bii. Zikatere musagwire chilichonse, pakatha masekondi 15 imabwerera yokha. Ikakana, dinani F8 poyatsa mulowe Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunika zokha, mukatsitse kachizindikiroko.

Malire ake ndi memory ya khadiyo. Yanga ndi ya 1 MB. Pa 800x600 ndi mitundu 65,536, dontho lililonse limadya ma byte awiri, zonse pamodzi ma byte 960,000, ndiye zimakwana mu 1 MB. Pa 1024x768 muyenera kutsika kufika pa mitundu 256, ndipo zithunzi za anthu zimayambanso kuoneka zosuluka. Ine ndasankha 800x600, ndipo ndikuona kuti pa zithunzi mitundu ndiyo yofunika kuposa kukula.

Ndikubwerezanso, musananyamule chilichonse kupita nacho m'tauni, werengani dzina la pa chip. Amayi abwera Loweruka kudzaona makhadiwo, ndipo khadi la ukwati wawo ndalipeza, maluwa ake ofiira ali psuu.