Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Anthu Awiri Opereka Magazi

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinapeza kantchito kolemba malisiti m'sitolo ya hadiweya ku Limbe. Ndinalonjeza kuti lero ndikamba mmene ndinakumanirana ndi mayi a kunyumba, koma mundikhululukire, za chibwenzi zidikire kaye. Pali usiku wina wa mu Januwale 2012 womwe sindingaudumphe.

Foni inalira cha m'ma 9 koloko usiku. Anali amayi. Chigulireni foni, amayi anali asanandiimbirepo ndi mayunitsi awo, ankangofulasha kuti ndiwaimbire ine. Nditaona kuti ikulira osaduka, m'mimba munatentha.

"Achemwali ako achira, mwana wamkazi. Koma magazi anataya ambiri. Adokotala akuti mufiriji mulibe, tipeze anthu awiri."

Ndinayankha kuti ndibwera m'mamawa. Nditadula foni ndinakhala pamphasa mpaka tambala woyamba, ndipo ndisaname, chomwe chinkandisowetsa tulo si achemwali okha ayi. Ndinkadziwa kuti mmodzi mwa anthu awiriwo ndi ine.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ine ndinakulira kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndipo kwathu mawu oti magazi sawatchula mwachisawawa. Chakumapeto kwa 2002, njala ija itatidyetsa madeya ndi zitsa za nthochi, kunabuka mphekesera ya anamapopa. Ankati amabwera usiku, amafayira mankhwala ogonetsa pawindo, nkulowetsa paipi padenga. Ankatinso boma likusinthanitsa magazi athu ndi chimanga cha azungu. Mudzi wonse tinkagona pabwalo la amfumu, amuna atagwira zikwanje, ife ana atatiika pakati. Mayi wina anakuwa usiku kuti amupopa, kutacha tonse tinakaona pamkono pake. Panali kachiphuphu konga poluma udzudzu, koma palibe anayerekeza kunena zimenezo. Mu Januwale 2003 tinamva pa wailesi kuti a Eric Chiwaya, gavanala wa UDF mu Blantyre, agendedwa powaganizira kuti akubisa anamapopa. Anganga anangoti, "Mwaona? Ndi akuluakulu omwe akudziwa."

Ndiye pomwe a Malawi Blood Transfusion Service anafika pasukulu pathu ndili Folomu 3, mu 2006, chowiringula ndinali nacho kale. Bungweli linali lachilendo, linali litangoyamba mu 2003. Anatisonkhanitsa mu holo, namwino nkufotokoza kuti munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi asanu a magazi, iwo amangotengapo mamililita 450, osakwana ndi theka la lita lomwe, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Anzanga anaima pamzere. Ena ankafuna Fanta ndi mabisiketi, poti nyemba zofumbwa za kubodingi zinali zitatikola. Ena ankafuna atsikana awaone kuti saopa singano. Mnzanga wina, yemwe mchimwene wake anapulumuka pangozi ya minibasi atamuika magazi, anaima kutsogolo osanena kanthu. Ine ndinakabisala kuseri kwa zimbudzi mpaka galimoto yawo itapita.

Anzangawo ndinawauza kuti anganga anandiletsa. Linali bodza. Chomwe chinandithawitsa ndi mawu amodzi a namwino uja, oti magazi onse amakawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi. Abambo anamwalira mu 1999 atadwala zaka ziwiri, akutsokomola ndi kuwonda, ndipo pamaliro anthu ankangoti "kunja kuno kwaopsa", dzina la matenda osalitchula. Ine ndinakula ndikuganiza kuti mwina chinatenga abambocho chili mwa ine. Patchuthi cha Folomu 2 panalinso kamtsikana kena, nkhani yake ndinakamba m'gawo 9. Ndinkaona kuti bola osadziwa.

M'mawa mwake ndinalawirira pa depoti ya Limbe. Inali nthawi ya vuto la mafuta lija, magalimoto akugona pamizere m'mafilingi siteshoni, minibasi zochepa, mtengo wokwera kawiri. Ndinafika pachipatala dzuwa litakwera. Achemwali ndinawaona pawindo la wodi: milomo yoyera mbee, zikhato ngati pepala, maso akungotseguka mwaulesi. Kamwana kali pambali m'chitenje, kakuyamwa chala.

Bambo wa mu labu anatifotokozera bwinobwino chifukwa chake firiji inali yopanda kanthu. Ambiri opereka magazi mwaufulu m'dziko muno ndi ana a sukulu, ndipo sukulu zinali zitangochoka patchuthi cha Khirisimasi. Magazi sasungika ngati chimanga m'nkhokwe, pakangotha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi ndiye kuti atha ntchito. Komanso dzinja ndi nyengo ya malungo, ana ambiri amafika magazi atawathera. Mapaketi ochepa omwe analipo anali atapita kuwodi ya ana usiku womwewo.

Pabenchi la panja pa labu tinalipo asanu: amayi, atsibweni, mayi aang'ono, alamu amuna awo a achemwali, ndi ine. Anthu asanu, ofunika awiri okha. Mukanaona mmene tinkayang'anirana.

Amayi anali oyamba kupinda dzanja la bulauzi. Anawabaya pachala, kuyeza kadontho, kuwakweza pasikelo, nkuwabweza. "Mayi, inunso anu ndi ochepa, tikakuchotsani tigoneka awiri." Anatuluka akulira ngati alakwa mayeso.

Atsibweni anayamba ndi kukhosomola. Anati iwo ndi munthu wa khasu, mphamvu zikawathera nyengo yopalira ino, ana adya chiyani? Anati anamva kuti mwamuna akachotsa magazi, zam'nyumba zimafooka. Kenako anatsitsa mawu: "Komanso inu mukudziwa kumene amapita magaziwa? Amatenga botolo limodzi kumuika wodwala, linalo kukagulitsa kunja." Wa mu labu anawauza kuti ngati akufuna akhoza kutsatira paketi yawo ndi maso mpaka kuwodi. Atsibweni anati akapume kaye pansi pa mtengo wa mango, ndipo anapumadi mpaka madzulo.

Mayi aang'ono ndi a Mboni za Yehova. Iwo sanazungulire. Anati, "Mwanangu, ukudziwa chikhulupiriro changa. Machitidwe 15 vesi 29 imati tipewe magazi. Sindingapereke, ndipo ndikanakhala ine pabedipo sindikanalandira." Nthawi imeneyo ndinapsa mtima kwambiri. Koma ndi iwo amene anachapa zitenje zonse zamagazi kumpopi, ndi iwo amene ankaphika phala kukhitchini ya magadiyani, ndi iwo amene anagona pansi pa bedi la achemwali masiku asanu ndi anayi. Pa tonse amene tinali ndi chifukwa chokanira, amene ananena chifukwa chawo chenicheni anali iwo okha.

Alamu anaimirira nkunena kuti akukagula mayunitsi pageti. Sanabwerenso.

Ndinatsala ine. Amayi sanandiuze kanthu, anangondiyang'ana. Ndinalowa.

Wa mu labu anatseka chitseko nkuyamba mafunso. Mwadya? Munadwalapo malungo posachedwa? Mukumwa mankhwala aliwonse? Munagonapo ndi munthu amene simukumudziwa bwino? Ndinayankha ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. Anatenga magazi pang'ono m'kabotolo, nkundiuza kuti ndidikire panja ayeze kaye. Anthu amaopa singano, koma ine ndikuti singano si kanthu. Choopsa ndi benchi lija. Ndinawerenga matailosi a pakhonde, ndinawerenganso. Ndinakonza ndi bodza loti ndikawauze amayi akandibweza: ndidzati magulu a magazi sanagwirizane.

Chitseko chinatseguka. "Achimwene, lowani mugone apa. Muli gulu O, tiwagwiritsa ntchito."

Sanawonjezere china, ndipo ine sindinafunse. Zaka khumi ndi zitatu za mantha zinathera pa mawu amenewo. Anandimanga lamba pamkono, kupukuta ndi thonje lozizira, nkundipatsa kampira koti ndizifinya. Singano yake ndi yonenepa kuposa ya jakisoni wamba, koma kuwawa kwake nkwakanthawi, ngati kulumidwa ndi linthumbu. Ndinaona kapaipi kakufiira pang'onopang'ono mpaka m'paketi. Chimene sindinayembekezere ndi mtundu wake, wakuderako ngati chidede chowiritsa. Patatha mphindi ngati khumi anachotsa, ndipo ndinapempha kuti ndiigwire paketiyo. Inali yofunda. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, wa mu labu nkumandifunsa ngati ndikumva chizungulire.

Munthu wachiwiri sanali wachibale. Anali bambo wina wovala malaya ong'ambika paphewa, gadiyani wa wodwala wina, amene anamva amayi akulira pakhonde. Anangofika nkuti, "Mayi, tontholani, ine ndipereka." Titamufunsa kuti timuthokoze ndi chiyani, anakana ngakhale ya sopo. Anati mwana wake wa zaka zitatu anamwalira dzinja lapitalo akudikira magazi, iye ali panjira ndi njinga kukatenga abale kumudzi. "Akanangopezeka munthu pafupi," anatero, nkubwerera kuwodi ya amuna. Dzina lake sindinafunse, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Pofika madzulo milomo ya achemwali inayamba kubwerera mtundu. Tsiku lachitatu anapempha nsima ya therere.

Alamu anatulukira usiku, atanyamula botolo la Sobo ndi buledi. Sindinawalankhule. Ndinakhala zaka zisanu ndikungowapatsa moni wa pakamwa, ndipo pamaliro kapena paukwati ndinkakhala patali nawo. Amene anandimasula ndi achemwali, ndipo andilola kuti ndilembe izi. Anandiitanira kuseri kwa nyumba tsiku lina nkundiuza kuti awiriwo anapezeka ndi kachilombo kusikelo, ali ndi pakati pa mwana yemwe uja. Chinali chaka chomwe dziko lino linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka nako, 2011, nchifukwa chake mwanayo anabadwa wopanda. Alamu ankadziwa kuti akalowa mu labu awabweza, ndipo apongozi ali pabenchi afunsa chifukwa. Anakakhala kuseri kwa mpanda wa chipatala tsiku lonse, akulira. Ine amene ndinabisala kuseri kwa zimbudzi pa nkhani yongoganizira, ndinawaweruza zaka zisanu.

Chichokereni tsiku lija ndakhala ndikupereka ku Blantyre, miyezi itatu ikadutsa ndikakumbukira, ndipo ndili ndi kakhadi kolembapo masiku. Koma musandiyese ngwazi. Mu Okutobala 2017, anamapopa atabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu akuphedwa pongowaganizira, a United Nations atachotsako antchito awo, ndinapita kumudzi kukaona amayi. Anyamata anali atatchinga msewu ndi mitengo, akusecha zikwama. Kakhadi kaja ndinakabisa m'sokosi. Ndikanafotokoza bwanji kwa munthu wogwira chikwanje kuti ine magazi ndimapereka ndekha, mwakufuna kwanga?

Tibwerere ku 2012. Achemwali atatuluka m'chipatala ndinawaperekeza kumudzi, ndipo anganga anali atamva kale. Anandikhazika pamkeka, kugwira mkono wanga, kuyang'anitsitsa kabala ka singano, kukanikiza ndi chala. "Anakuchotsa angati?" Ndinati limodzi. "Ndiye analowa mwa mlongo wakoyu, unaona ndi maso ako?" Ndinati eya. Anakhala chete kanthawi, kenako anatuma mwana kukathyola masamba a mapeyala. Sabata yathunthu anandimwetsa madzi ake owiritsa, ofiira ngati tiyi wopanda mkaka, m'mawa ndi madzulo, ndiwo zake bonongwe ndi chisoso, ati magazi abwerere. Nditabwerera ku Limbe ndinapeza abwana andidula malipiro a masiku asanu ndi awiri, ndipo pakauntala panga atakhazikapo mtsikana wina wogwirizira, amene analemba malisiti anga onse molakwika. Za iyeyo mudzamva m'gawo 18.