Kanema amene mukunditumizira uja

Abale akhala akunditumizira pa WhatsApp kanema wa mzungu wina akudzuka pa wilutcheya n'kuyamba kuponya mwendo. Onse mawu ndi amodzi: "Awonetseni achimwene anu." Achimwenewo ankachita kabaza wa njinga yamoto, anagwa potsika phiri kuchokera ku Namwera, ndipo kuyambira m'chiuno kupita m'munsi samva kanthu.

Kanemayo si wabodza ayi. Bamboyo ndi Michel Roccati wa ku Italy, nayenso inamugwetsa ndi njinga yamoto mu 2017. Ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, dokotala wa maopaleshoni Jocelyne Bloch ndi katswiri Grégoire Courtine anamuika kachipangizo ka timawaya pa mtsempha waukulu wa mumsana, kumunsi kwa pamene panavulala. Mitsempha yoyendetsa miyendo imakhala ikadali yamoyo kumunsiko, choduka ndi uthenga wochokera ku ubongo. Ndiye kachipangizoko kamaitsina ndi timphamvu ta magetsi motsatana: nyamula, ponda, nyamula. Mu 2022 analengeza kuti amuna atatu anaponya mwendo tsiku lomwelo limene anakayatsa. Mu 2023 analengeza kuti anafika poika zipangizo zina m'mutu mwa Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands, kuti akangoganiza zoyenda, uthengawo udumphe pa bala paja n'kukafika kumiyendo.

Chimene kanema sawonetsa ndi miyezi ya mafizo, chitsulo chogwirira poyenda, komanso kuti kwa munthu wovulala kwambiri ngati Roccati, akangokathimitsa miyendo imakhalanso chete.

Palinso exoskeleton, zitsulo zokhala ndi timainjini zomangirira m'chiuno ndi m'miyendo. Ya ReWalk, yopangidwa ndi Amit Goffer wa ku Israel, inavomerezedwa ku America mu 2014 pamtengo wa pafupifupi madola 70,000. Claire Lomas, mayi wolumala miyendo wa ku England, anamaliza nayo mpikisano wothamanga wa London Marathon mu 2012, m'masiku 17. Imafuna ndodo ziwiri, batire yodzadza ndi pansi posalala. Tangoganizani mchenga wathu wa kugombe kuno, ndi magetsi othimathimawa!

Sindikunyoza sayansi, ndimawerenga nkhanizi mpaka usiku. Koma kwathu kuno zimene zimatenga miyoyo ya anthu otere ndi zilonda za pamatako ndi matenda a m'chikhodzodzo. Ine ndi alamu timawatembenuza achimwene maola awiri aliwonse, n'kumayang'ana ngati khungu lasintha mtundu. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi, thukuta lokha limatha kutsegula bala. Paipi ya mkodzo imafuna ukhondo tsiku ndi tsiku. Malo ophunzitsa anthu otere kudzisamalira alipo ku Kachere ku Blantyre, koma munthu wosakhala tsonga simungamukweze minibasi, mpaka galimoto ya hayala.

Ndiye inu a ku Joni, kanema tamuwona, achimwenenso amuwona, anangoti "chabwino." Panopa tikufuna khushoni yabwino ya pa wilutcheya ndi matiresi ina, yakaleyi yaphwa pakati.