Amalume ndi kalata yawo yachizungu

Sabata yatha amalume anandiimbira foni cha m'ma 10 usiku, mawu akuchita kunjenjemera. Akuti pa gulupu ya WhatsApp ya komiti yomanga tchalitchi wina walemba kuti iwo ngati msungichuma adya ndalama za malata, ndiye akufuna kuyankha ndi kalata yachizungu kuti anthu adziwe kuti si munthu woseweretsa. "Mphwanga, iwe sukulu unapita nayo patali, ndilembe kuti nkhaniyi ndi unsubstantiated eti? Likumveka lolemera limeneli." Ndinati amalume dikirani kaye, limenelo mudzikola nalo nokha.

Ife pa Chichewa timangoti zopanda umboni, zopanda mutu, nkhambakamwa, mphekesera, basi nkhani yatha. Azungu mawu awowa amaoneka ngati amodzi koma kulemera kwake n'kosiyana. Unsubstantiated sakutanthauza kuti ndi bodza ayi, amangoti palibe amene wabweretsa umboni mpaka pano, mawa ukhoza kupezeka. N'chifukwa chake amalikonda ndi anthu ofufuza, ma oditala, apolisi, chifukwa limasiya chitseko chosatseka. Ndiye munthu amene akukunamizira iwe n'kulemba wekha kuti unsubstantiated, wowerenga wochenjera amva ngati ukuti "simunandigwirebe". Amalume atamva zimenezo anangoti ii, n'kukhala chete kaye.

Mawu amene amakanadi nkhani kotheratu ndi atatu awa, baseless, groundless ndi unfounded, ndipo onse chithunzi chake n'cha nyumba yopanda maziko. Base ndi tsinde, ground ndi nthaka, unfounded ndi wachibale wa foundation, fawundeshoni yomwe amamanga amisiri ija, muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti fundus, kutanthauza pansi. Mmene ndimamvera ine, unfounded ndi laulemuko, umatha kumuuza munthu kuti mantha ake ndi unfounded osamukhumudwitsa, pomwe baseless limabwera ndi ukali, ndi la munthu amene wamenya tebulo. Groundless lili pakatikati, ngakhale kuno sindilimvamva.

Baseless linatchuka kwambiri mu 2020 Donald Trump atakana kuti waluza chisankho kwa Joe Biden, nyuzipepala za ku America zinkangoti baseless claims tsiku ndi tsiku, ndipo milandu yoposa 60 imene iye ndi omutsatira anakasuma inagwa m'makhoti. Chaka chomwecho kwathu kuno zinayenda mwina, pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, chifukwa odandaula anapita kukhoti atanyamula mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi, zinthu zooneka ndi maso. Kusiyana kwa nkhambakamwa ndi mlandu n'komweko, pepala lili m'manja kapena ayi.

Palinso hearsay, ili ndiye losavuta, hear kumva, say kunena, ndi akuti-akuti wathu uja. Kukhoti nthawi zambiri salola mboni kunena zomwe inangomva kwa wina. Alleged ndi chishango cha atolankhani poopa kusumiridwa, pa wailesi yachichewa ndi paja amati "akuganiziridwa kuti". Maloya ali ndi lawo, frivolous and vexatious, mlandu wachibwana wongofuna kuvutitsa munthu, koma limeneli amalume ndinawakaniza ngakhale analikonda zedi, kalata yopita ku komiti ya tchalitchi si ya ku High Court.

Ndinawafunsa kuti kodi malisiti a malatawo alipo? Akuti alipo onse m'chikwama cha pulasitiki pansi pa matiresi, ena achita kufufuma ndi chinyezi koma manambala akuwerengeka. Ndinati ndiye lembani baseless, mujambule malisitiwo ndi foni muwaike pa gulupu pomwepo, popanda zithunzizo mawu anuwo nawonso akhala opanda maziko ngati a winayo.

M'mawa mwake ananditumizira kalatayo kuti ndione. Baseless analemba bwinobwino, koma awonjezera okha malicious, fabricated ndi satanic, onse m'zilembo zikuluzikulu. Ndinawachonderera achotse la satanic lokha, akuti ayi mphwanga, limenelo ndiye likhale.