Agogo aamuna ndi poto, zomwe ndinaona ku Guangzhou

Nthawi imene ndinkakhala mumzinda wa Guangzhou ku China, madzulo aliwonse cha m'ma 7 koloko ndinkadutsa pabwalo lina pafupi ndi fulati yathu, pamenepo mupeza azimayi achikulire ali m'mizere mizere, sipika ikulira kwambiri, akuvina ngati mawa kulibe nyamakazi. Eni ake amati guangchang wu. Nanga azibambo? Ali pabenchi, ena akusewera xiangqi, chess ya ku China, ena angoti duu kuonerera.

Azimayi amenewa anapuma ntchito ali ndi zaka 50 kapena 55 pomwe amuna awo ankapuma pa 60, ndi mu 2025 momwe boma linayamba kukweza zakazi pang'onopang'ono. M'badwo wawo unakula ukumva mawu aja a nthawi ya Mao, mtsogoleri wakale wa China, akuti azimayi anyamula theka la thambo, lamulo la 1950 linaletsa maukwati okakamiza, azimayi analowa m'mafakitale limodzi ndi amuna. Koma akaweruka poto anali wa mayi basi. Mawu akale oti nan zhu wai, nü zhu nei, mwamuna za panja mkazi za m'nyumba, sanafe ayi. Ku Shanghai ndi kumene amuna amatchuka ndi kuphika, moti anzawo amawaseka nazo.

Ndiye panali agogo ena aneba athu, akazi awo anapita ku Shenzhen kukalera mdzukulu, paja mwana wawo anali mmodzi yekhayo chifukwa cha lamulo lija la mwana mmodzi lomwe linatha mu 2015. Abale, madalawo miyezi itatu yathunthu akungodya ma noodles a m'paketi, anaonda, makatani osatsegula, kuwapatsa moni amangogwedeza mutu. Za panja zinatha tsiku lomwe anapuma ntchito, anzawo onse anali akuntchito, za m'nyumba sanaphunzirepo, ndiye munthu atani tsiku lonse?

Komatu musaganize kuti agogo aakaziwo anali pa holide. Kulawira kumsika, kukasiya mwana kusukulu, kuchapa, kuphika, mpongozi naye akuti mwana mukumuveka zovala zambiri. Anabwerako atatopa, msana ukuwawa, ndipo anapeza mbale zaunjikana musinki, phokoso lake tinalimva mpaka kwathu.

Madzulo omwewo ndinawaona agogo aakaziwo pabwalo paja, anzawo anali atawasungira malo pamzere wachiwiri. Madala aja anali pabenchi atameta ndevu, atafumbata fulasiki ya tiyi ya akazi awo.