Supuni Yokhala ndi Chidindo cha Nangula

Lero Loweruka ndinalawirira kumsika wa zinthu zakale kuno ku Birmingham, ndipo ndinagula masupuni 6 amene anali atamangidwa pamodzi ndi kachingwe. Asanu ankanyezimira kwambiri, koma imodzi inali yaing'ono ndi yothimbirira, moti ndinaitenga chifukwa chakuti wogulitsayo anakana kuwalekanitsa.

Masana ndinapita nawo kwa bambo wina wachikulire amene amayesa ziwiya zasiliva ku Jewellery Quarter, dera la mzinda uno lodziwika ndi amisiri osula zinthu zagolide ndi zasiliva. Iwo sanalabadire kunyezimirako. Anatembenuza supuni iliyonse, nayang'ana kumbuyo kwa chogwirira ndi kagalasi kokulitsa zinthu, kenaka anaika asanu aja pambali. Pa onsewo panali zilembo za EPNS, kutanthauza kuti mkati mwake ndi chitsulo china, ndipo siliva anangokutidwa pamwamba pogwiritsa ntchito magetsi, luso limene kampani ya Elkington inatchuka nalo mumzinda uno kuyambira mu 1840. Mtima unandiwawa, pakuti ndinali nditawadalira kuti ndi asiliva weniweni.

Atafika pa yothimbirira ija anakhala chete kwa kanthawi, ndipo anandipatsa kagalasiko kuti ndidzionere ndekha. Ndinaona timadindo ting'onoting'ono titandandalikana. Koyamba kanali kamkango koyenda, kamene kamatsimikiza kuti pa magawo 1,000 alionse, magawo 925 ndi siliva weniweni. Pambali pake panali nangula, chizindikiro cha ofesi yoyesa siliva ya mumzinda uno imene inatsegulidwa mu 1773 chifukwa cha khama la Matthew Boulton, mwini fakitale amene ankapanganso ziwiya zasiliva. Ikanakhala ya ku London pakanakhala mutu wa kambuku. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kamutu ka Mfumukazi Victoria, kosonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Chidindo cha msonkhochi chinasiya kuikidwa mu 1890, choncho supuniyi inasulidwa chakacho chisanadutse, agogo anga asanabadwe n'komwe.

Chaka chenicheni sitinachipeze, chifukwa chidindo cha chilembo chosonyeza chaka chimene supuniyo inayesedwa chinafufutika. Wina anaikwecha mwamphamvu kwa zaka zambiri pofuna kuti iwale, ndipo pang'onopang'ono anadya siliva pamodzi ndi mbiri yake. Zimenezi zimandipweteka kuposa kuthimbirira, pakuti kuthimbirira kumachoka, pamene chidindo chikatha sichibwereranso, ndipo mtengo nawo umatsika. Bamboyo anaiika pasikelo, nandilangiza kuti ndiziitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa basi.

Usiku uno ndaipukuta ndi kansalu kofewa, ndaikulunga payokha, ndipo asanu aja ndawaika m'kabati yakukhitchini kuti tizimwera tiyi.