Wovulalavulala angabwerere mwakale? Zimatengera chomwe chinawonongeka

Wosewera mpira Ousmane Dembélé atangofika ku Barcelona mu 2017, mtsempha wa mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu unaduka pa masewera ndi Getafe. Mu February 2020 unadukanso wa mwendo winawo, nakachitidwa opaleshoni ku Finland. Ambiri anamutaya. Mu 2025, ali ku timu ya PSG ya ku France, anapata Ballon d'Or, mphoto ya wosewera mpira wopambana onse pachaka. Vuto la minofu limatheka, bola osapupuluma.

Mnofu umenewu umang'ambika wosewera akamathamanga liwiro lonse, pamene mwendo waponyedwa kutsogolo phazi lisanaponde pansi. Nthawi imeneyo mnofu umakhala ukutamuka uku ukugwira mabuleki. Ukapola pamatsala chipsera, ndipo chipsera sichitamuka ngati mnofu weniweni. Ululu umatha msanga mphamvu zisanabwerere, wosewera n'kumauza kochi kuti wachira. N'chifukwa chake ambiri amavulalanso pamalo omwewo m'masabata oyambirira atabwerera.

Chomwe chimathandiza kwambiri ndi masewera olimbitsa thupi a Nordic, ndipo safuna chipangizo chilichonse. Wosewera amagwada, mnzake n'kumugwira zolimba mu akakolo, iye n'kumagwa chamtsogolo pang'onopang'ono thupi lili chilili, mpaka manja atafika pansi. Sabata yoyamba achite kasanu, apume, abwereze kasanu. Aziwonjezera mpaka kufika maulendo atatu a 12, 10 ndi 8. Kupinda m'chiuno ndiye kulakwitsa kofala, chifukwa katundu yense amachoka pamnofu womwe ukufunika kulimba. Wovulala asanasewerenso mphindi 90, ayambe wathamanga liwiro lonse pokonzekera, kangapo, popanda kumva kukoka.

Bondo ndi nkhani ina. Mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL ukaduka, madotolo ambiri amafuna papite miyezi 9 kapena kuposerapo wosewera asanabwerere m'bwalo, komanso mwendo wovulala ufike pa 90 peresenti ya mphamvu za unzake. Virgil van Dijk anaduka mtsempha umenewu mu October 2020 ndipo anayambanso kusewera mu ligi mu August 2021.

Pomwe palibe chobweza ndi pa chichereŵechereŵe, kaja koterera komwe kamateteza mafupa kuti asakhulane. Chikaperepeseka sichimeranso bwinobwino. Ledley King wa Tottenham, mmodzi mwa otchinga kumbuyo aluso a nthawi yake, chichereŵechereŵe cha m'bondo lake chinaperepeseka ndipo bondolo linkatupa akangosewera, moti mkati mwa sabata ankakonzekera payekha osati ndi anzake. Anasiya mpira mu 2012 ali ndi zaka 31.