Madzulo a pamwala paja, kuzizira kutangotha

Dzulo ndinapitanso kumadzi kuja, pamwala womwe ndimakonda kukhalapo, ndipo chinandidabwitsa nchoti ola lomwe mwezi wathawu kunkakhala kutada kale, dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo. Kuzizira kwapita basi. Mitengo yaphukira timasamba tanthete, bango wayamba kubiriwira kuchokera pansi, masiku akutalika pang'onopang'ono chifukwa dziko lathuli lidapendekeka madigiri pafupifupi 23.5, ndiye nyengo ino mbali yomwe tili ikuweramira kudzuwa. Sindinatenge ndi juzi yomwe.

Kuwala kwa nthawi imeneyi ndi kumene kumandikokera kumeneko. Masana dzuwa lili paliwombo madzi amangothobwa m'maso, palibe choti nkuwona. Koma likatsika mpaka kukhudza m'mphepete mwa dziko kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka pafupifupi ka 38 kuposa masana, mtundu wa buluu umamwazikira m'njira, chofika kwa ife nchachikasu ndi chofiira, ndiye madzi onse anangoti psuu, ngakhale tizilombo touluka tija timene masana suungatione tinkawala ngati fumbi la golide pamwamba pa bango.

Kakowa anali pomwepo tsidya lina, mwendo umodzi m'madzi wina wapinda, ali phee ngati wachita kubzalidwa. Ine ndi kupusa kwanga ndinatulutsa foni nkudzuka kuti ndiyandikire pang'ono. Anangotambasula mapiko nkupita. Chithunzi chake ndi kadontho koyera pakati pa mdima, nditamuonetsa mnzanga anafunsa ngati ndi pepala lotayidwa, eti. Ndiye ndinabwerera pamwala, foni m'thumba, nkukhala osagwedezeka.

Patapita mphindi mwina 15 kakowa uja anabwerera, chapafupi kuposa poyamba. Apa mpomwe ndinamuyang'anitsitsa bwino. Amayenda ngati akuopa kudzutsa munthu, kukweza phazi, kudikira, kuliponda mosachititsa ndi kafunde komwe, khosi alipinda, mutu wapendeketsa chammbali. Nsomba ikakhala m'madzi sikhala pomwe maso akuionera, kuwala kumapindika potuluka m'madzi monga ndodo imaonekera yothyoka ukaiviika, koma iye masamu amenewo amawadziwa osapita kusukulu. Kamodzi anaphonya. Kachiwiri khosi linangoti tambasu, anatulukira ndi kansomba kakuphiriphitha kukamwa, anakatembenuza kaye kuti mutu utsogole kenaka nkumeza, ndinakaona kakutsika pakhosi.

Anamzeze ndiye osanena, phokoso lokhalokha, akuuluka chotsika kwambiri kuthamangitsa tizilombo tija, ena kumamwa madzi ali chiulukire, mlomo kungokanda pamwamba pa madzi nkusiya kamzere. Kambalame kolemera magalamu 20 okha, koma ena mwa iwo amayenda makilomita pafupifupi 10,000 pakati pa Ulaya ndi kumwera kwa Africa chaka ndi chaka, kulondola kufunda, ine kungokwera kachitunda kobwererera kunyumba ndimapuma kawiri.

Koma gawo lomwe ndimalidikirira kwenikweni limabwera dzuwa litalowa. Pamakhala kanthawi kochepa, mwina mphindi 10, pomwe anamzeze akutha mmodzimmodzi ndipo ukayang'anitsitsa uona kuti zina zomwe zikuulukazo si mbalamenso, kaulukidwe kake nkokhotakhota, kogwedezeka, mileme yalowa shifiti. Chakudya nchomwecho, malo ndi omwewo, angosinthana basi. Mileme imalira mawu okwera kuposa omwe khutu la munthu lingamve nkumamvera kubwerera kwake, ndiye iwe umangoona kamthunzi kakudutsa pafupi ndi nkhope yako kopanda phokoso lililonse. Poyamba ndinkabisa mutu, pano ndinazolowera, ndipo ndimaiyamikira poti ikudya udzudzu womwe unali utayamba kale kundiluma m'akakolo.

Achule anayamba mmodzi, cha kubango uko, wina nkuyankha, posakhalitsa gombe lonse linali likulira. Ndi aamuna amenewo, akuitana akazi, nyengo yake ndi inoyi.

Ndinadzuka miyendo itachita dzanzi, thalauzi litanyowa kumbuyo ndi chinyezi cha pamwala. Kakowa sindinamuone nthawi yomwe anachoka. Ndinayatsa tochi ya pafoni kuti ndione njira, ndipo pakanjira pomwepo panali kachule kakang'ono ngati chala changa chachikulu, kali njo, sikanasunthe mpaka ndinachita kukalambalala.